Mapu awiri, milandu yomweyo: n'chifukwa chiyani malo ofiira akusiyana?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene ali m'gulu la anthu othandizana ndi apolisi pa chitetezo cha m'madera. Alemba motere:

"Mwana wa achemwali anga amaphunzira za mapu, ndiye anatithandiza kuika pa kompyuta milandu ya kuba imene tinalemba m'kaundula wathu chaka chathachi: mafoni, njinga zamoto, kuthyola nyumba. Anajambula mabokosi pamwamba pa mapu a tawuni yathu n'kuwerenga milandu ya m'bokosi lililonse. Ndi mabokosi a mamita 500, bairo (dera lokhalamo anthu m'tawuni) ina yonse ya kufupi ndi msika inafiira. Atachepetsa kufika pa mamita 100, bairo ija inayera, kufiira kunatsala pamsika ndi pokwerera shapa (maminibasi), komanso kunatulukira malo ena amene sitinkawaganizira. Anthu a m'bairo ija atamva akuti tawanyoza. Mapu oona ndi ati? Nanga olondera tiwatumize kuti?"

Bambo, zikomo kwambiri polemba, ndipo mnyamatayo mumuuze kuti sanalakwitse. Zimene mwaonazo zimachitikira aliyense amene amawerenga zinthu m'mabokosi, ngakhale a m'maofesi okhala ndi makina apamwamba. Pa masamu, mapu onse awiri anena zoona, chifukwa palibe mlandu umene wawonjezedwa kapena kuchotsedwa. Koma mizere imene mukuiona pa kompyutayo kulibe pansi pamene mumapondapo. Waijambula ndi munthu, ndipo akanatha kuijambula mwina. Wotsomphola foni pamsika sadziwa n'komwe kuti waima m'bokosi liti.

Ndiyambe ndi chinthu chimene simunachiyesebe, chifukwa ndi chimene chimatsegula anthu maso msanga. Tiyerekeze kuti pamphambano ina pabedwa njinga zamoto 12 m'chaka chimodzi, zonse moyandikana, kuzungulira mphambanoyo. Mphambano ikagwera pakatikati pa bokosi, bokosilo liwerenga 12 ndipo lifiira ngati khala la moto. Tsopano musasinthe kukula kwa mabokosi. Ingokankhani ukonde wonse wa mabokosiwo pang'ono chakum'mawa, pang'ono chakumpoto, mpaka ngodya imene mabokosi anayi amakumanapo igwere pamphambano pomwepo. Milandu ija igawikana, itatu uku, itatu uku, ndipo palibe bokosi limene lifiire. Bokosi lina la kutali lokhala ndi milandu 5 yomwazikana ndiye lioneka loopsa koposa. Mphambano ndi yomweyo, njinga zabedwa 12 zomwezo, eni ake akulirabe, koma pa mapu pali zii. Ndipo amene anasankha poyambira ukonde nthawi zambiri si munthu n'komwe. Kompyuta imangoyambira pangodya ya malo amene yapatsidwa.

Vutoli lili ndi dzina pakati pa akatswiri a mapu, amalitcha MAUP, kutanthauza vuto lobwera chifukwa chakuti malire a zigawo zowerengeramo zinthu amatha kusinthidwa. Amene analifotokoza bwino ndi Stan Openshaw ndi Peter Taylor mu 1979. Iwo anatenga maboma ang'onoang'ono 99 a chigawo cha Iowa ku America, n'kumawaphatikiza m'magulu mosiyanasiyana, kuti aone ngati kuchuluka kwa okalamba kukugwirizana ndi kuchuluka kwa ovotera chipani cha Republican. Kuphatikiza mwina, zinthu ziwirizi zinkaoneka kuti zikuyendera limodzi pafupifupi ndendende. Kuphatikiza mwinanso, zinkaoneka zotsutsana pafupifupi ndendende. Anthu ndi mavoti sizinasinthe, anangosintha malire. Ndiye zimene zachitika ku Ulongué zili ndi mbiri yaitali.

Tibwere pa kukula kwa bokosi, pamene pagona funso lanu. Bokosi la mamita 500 m'litali ndi 500 m'lifupi ndi mahekitala 25, malo okwana mabwalo a mpira oposa 30. Bokosi la mamita 100 ndi hekitala imodzi. Ndiye kuti m'bokosi limodzi lalikulu lija mumalowa timabokosi 25 tating'ono. Ngati m'kabokosi kamodzi mwa timeneti muli msika, milandu ya pamsikapo imapaka utoto mahekitala onse 25, pamodzi ndi nyumba za anthu, tchalitchi, sukulu ndi minda ya mbatata imene sikunabedweko kanthu. Ndikamva mmene mwafotokozera, ndikuona kuti izi n'zimene zinachitikira bairo ija. Inafiira chifukwa chokhala bokosi limodzi ndi msika. Anthu akumeneko ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, ndipo ndi bwino muwaonetse mapu onse awiri n'kuwauza mosabisa kuti kufiira kuja kunachokera pa kukula kwa bokosi.

Chifukwa chake bokosi lalikulu limanamiza n'chakuti umbanda sumwazikana ngati mvula. Umamanga nthenje pa timalo tochepa kwambiri. Mu 1989, Lawrence Sherman ndi anzake anasanthula mafoni oitana apolisi oposa 300,000 a chaka chimodzi mumzinda wa Minneapolis ku America, ndipo anapeza kuti theka la mafoni onsewo linachokera pa malo pafupifupi 3 okha pa malo 100 alionse. David Weisburd, atayerekeza mizinda ingapo mu 2015, anapeza kuti theka la milandu limachitikira pa zidutswa za misewu zapakati pa 2 ndi 6 pa 100 zilizonse. Manambalawa ndi a mizinda ya kutali, musawatenge ngati a Ulongué. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti ngakhale m'dera lotchuka ndi umbava, misewu yambiri imakhala yabata, ndipo vuto limakhala pa baraka imodzi, pakona imodzi, panjira imodzi yamdima. Bokosi la mamita 500 silingaone zimenezo.

Koma musathamangire kunena kuti basi, bokosi laling'ono ndiye loona. Lili ndi msampha wake, ndipo msamphawu umakola anthu ophunzira ndithu. Tiyerekeze kuti muli ndi milandu 100 ndipo tawuni mwaigawa timabokosi 1,000. Ngakhale mutatenga nyemba 100 n'kuziwaza pa mapuwo mutatsinzina, sizingadzaze timabokosi toposa 100. Ndiye mudzanena kuti umbanda wonse uli m'magawo 10 pa 100 a tawuni, ndipo theka lake lili m'magawo 5 pa 100 kapena kucheperapo, chonsecho ndi nyemba zongowaza. Penanso nyemba ziwiri kapena zitatu zidzagwera pamodzi mwangozi, ndipo kompyuta idzapaka pamenepo kufiira chifukwa kwina konse kuli ziro kapena imodzi. Malo atsopano aja amene mwati simunkawaganizira, ayang'aneni ndi diso limeneli. Funsani mnyamatayo kuti m'kabokosi kalikonse kofiira muli milandu ingati. Ngati ndi iwiri kapena itatu, musatumizeko anthu kaye. Gawani kaundula pakati, miyezi 6 yoyamba payokha ndi yotsatira payokha, muone ngati malowo akuonekera konsekonse. Malo amene akufiira mbali imodzi yokha mwina ndi ntchito ya wakuba mmodzi amene anadutsa sabata imodzi n'kupita.

Palinso china chimene kwathu kuno chimalemera kuposa zonsezi, ndicho kulondola kwa timadontho tomwe. Mizinda imene njirazi zinayambira ili ndi manambala a nyumba ndi mayina a misewu, kotero mlandu umaikidwa pakhomo penipeni. Ife m'kaundula timalemba kuti "kuseri kwa msika," "pafupi ndi chigayo," "njira ya ku Domué." Nthawi ina ndikuthandiza kulowetsa milandu yotere pa kompyuta, ndinaona kabokosi kamodzi katafiira kuposa tina tonse. Nditakulitsa chithunzi ndinapeza timadontho tambirimbiri titasanjikizana pamalo amodzi enieni, ngati mbale zosanjidwa. Wolowetsa uja, akakumana ndi mlandu wongotchula dzina la bairo, ankauika pakati pa bairoyo, pamene panalembedwa dzina lake pa mapu. Tinapitako. Tinapeza mtengo wa mango, mbuzi itamangidwa pamenepo, ndi mayi wina akusinja pakhomo pake, amene sankadziwa kuti pa mapu athu khomo lake ndi loopsa kuposa onse. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa mapu aja akanafika pamsonkhano, dzina la mayiyo likanaipa popanda chifukwa. Choncho bokosi lisachepe kuposa mmene kaundula wanu amalozera malo. Ngati wodandaula amatha kuloza malo molakwitsa ndi mamita 200, kabokosi ka mamita 100 kakulonjeza zimene kaundulayo sangakwanitse. Milandu yosadziwika malo enieni iikeni payokha, muiwerenge pa bairo, koma isalowe mu ukonde. Ndipo kuyambira lero, wolandira dandaulo azipita pamalopo ndi foni n'kulemba manambala a GPS. Foni wamba, kumwamba kukakhala kosatchingika, imalakwitsa ndi mamita ochepa chabe.

Apa ndilankhule ndi mnyamatayo pang'ono. Ngati ukugwiritsa ntchito QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, usajambule ukonde mapu ali m'madigiri. Kwathu kuno, madigiri 0.001 ndi mamita pafupifupi 111 kulowera kumpoto koma pafupifupi 107 kulowera kum'mawa, ndiye mabokosi sakhala ofanana mbali zonse. Sinthira ku njira yoyezera malo m'mamita yotchedwa UTM zone 36S, imene imakwanira chigawo chonse cha Tete kuyambira ku Zumbo mpaka kumalire a Malawi, nambala yake ndi EPSG:32736. Usamalenso ndi mapu akale a dziko lino, chifukwa ambiri anajambulidwa pa muyeso wakale wotchedwa Tete datum, pamene GPS ya m'foni imayendera WGS 84. Ukasakaniza ziwirizi osauza kompyuta, timadontho tonse timasunthira mbali imodzi, ndipo kusunthako n'kokwanira kuchotsa mlandu m'kabokosi kake n'kuuika kwa neba.

Za maonekedwe a bokosi ndisachulutse. Mudzamva ena akunena kuti mabokosi a ngodya 6, onga zisa za njuchi, ndi abwino kuposa a ngodya 4. Ali ndi ubwino wake. Bokosi la ngodya 6 lili ndi oyandikana nawo 6, onse pa mtunda wofanana, pamene la ngodya 4 lili ndi 8, ndipo anayi a m'makona ali patali pafupifupi ka 1.4 kuposa anayi a m'mbali. Zimenezi zimathandiza pa njira zimene zimayerekeza bokosi ndi oyandikana nalo, monga ya Getis-Ord. Koma chisa cha njuchi nachonso chimatha kudula mphambano pakati. Sichichiza matenda amene ndafotokoza aja.

Chimene ndimachiona chofunika kwambiri ndi kumene ukonde wayang'ana. Kompyuta imaimika mizere molunjika kumpoto ndi kum'mawa, koma misewu yathu siyenda choncho. Matawuni ambiri a m'chigawo chino anakula motsatira msewu umodzi waukulu. Taonani Zóbuè ndi Moatize mmene zatambalalira m'mbali mwa msewu wa N7. Msewu ukadutsa mopingasa pa ukonde, umangodula timakona ta mabokosi ambiri, ndipo milandu ya m'mbali mwa msewu umodzi imabalalikira m'mabokosi khumi. Ukatembenuza ukonde kuti ugone motsatira msewuwo, mzere wofiira umaonekera bwinobwino. Pa mpikisano wolosera malo a umbanda umene boma la America linachititsa mu 2017 pogwiritsa ntchito milandu ya mzinda wa Portland, George Mohler ndi Michael Porter anaonetsa kuti kutembenuza mabokosi kumasintha kuchuluka kwa milandu imene amakola. N'chifukwa chake akatswiri ambiri masiku ano amasiya mabokosi n'kumawerenga pa chidutswa cha msewu, kuchokera pamphambano ina kufika pa ina. Kumene kuli misewu yodziwika bwino, njirayi ndimaikonda, chifukwa wolondera amayenda mumsewu, sayenda m'bokosi. Mkati mwa mabairo mmene muli tinjira tokhotakhota tosajambulidwa, ukonde ukadali wothandiza.

Mukamaika ukonde, kumbukiraninso kuti sudziwa mtsinje kapena malire. Mumzinda wa Tete, Matundo ndi pakati pa mzinda zimayang'anizana, koma pakati pali Zambezi ndipo munthu amayenera kudzera pa mlatho wa Samora Machel. Kompyuta ikamasakaniza manambala a mabokosi oyandikana imatha kuwolotsa kufiira pamadzi ngati kuti pali njira. Kwanuko nkhani ndi malire. Bokosi logwera pa Calómuè limakhala theka kuno theka ku Dedza, ndipo wobedwa wa mbali inayo amakadandaula kwawo, osati kwa inu. Bokosi lotero limaoneka loyera chifukwa mwangowerenga theka lake. Mabokosi onse a m'mphepete mwa dera lanu muwaike chizindikiro kuti anthu asawayerekeze ndi a pakati.

Nanga msika ndi pokwerera shapa, popeza pamenepo pafiira pa mapu onse? Ine ndikukhulupirira kuti amenewo ndi malo enieni, pakuti apirira kusintha kwa bokosi. Koma kufiira kwake kumatanthauza kuti milandu ndi yambiri, osati kuti munthu aliyense wopitako ali pachiopsezo chachikulu kuposa kwina. Pamene pamadutsa anthu masauzande pa tsiku, mafoni obedwa amachuluka ndithu. Potumiza olondera, kuchuluka kwa milandu n'kumene mukufuna. Koma pouza anthu kumene ayenera kusamala, njira yamdima yodutsa anthu ochepa koma yobedwapo kawirikawiri ingakhale yoopsa kuposa msika. Manambala a kalembera wa 2017 sangakuthandizeni kwenikweni apa, chifukwa amawerenga kumene anthu amagona, osati kumene amaswera.

Ndaonanso kuti mwaphatikiza mafoni, njinga zamoto ndi kuthyola nyumba pa mapu amodzi. Zilekanitseni. Foni imabedwa masana m'chigulu cha anthu, nyumba imathyoledwa usiku kapena eni ake ali kumunda, ndipo njinga yamoto imatengedwa pamene yaimikidwa kapena panjira yopanda anthu. Mukazisakaniza, mafoni amakwirira zinazo chifukwa cha kuchuluka kwake, ndipo olondera usiku mudzawatumiza kumsika umene pa nthawiyo mulibe munthu. Nyengo nayonso imasuntha zinthu. Miyezi imene anthu agulitsa fodya, chimanga ndi mbatata, ndalama zili m'matumba, sifanana ndi ya Januwale ndi Febuluwale.

Tsono chochita ndi ichi. Pa mtundu uliwonse wa mlandu, mnyamatayo apange ukonde wa mamita 100, wa 200 ndi wa 400. Ukonde uliwonse aukankhe ndi theka la bokosi kum'mawa, kenako kumpoto, kenako konse kuwiri, ndipo kamodzi autembenuze motsatira msewu waukulu. Pa mapu alionse asankhe mabokosi otsogola okwana gawo lofanana la tawuni, tinene magawo 5 pa 100 a malo onse, kuti kuyerekezako kukhale kwachilungamo. Akasanjikiza mapu onsewo, padzakhala malo amene akufiira pafupifupi nthawi zonse, ndi ena ongofiira kamodzi. Oyambawo ndi amene mungawakhulupirire. Ntchitoyi imaoneka yambiri, koma zida zake zazikulu ndi ziwiri za mu QGIS, Create grid ndi Count points in polygon, ndipo masana amodzi akwanira. Akafuna kuyesa mapu osalala aja otchedwa heatmap, adziwe kuti kumeneko chimene chimasintha chithunzi kwambiri ndi utali umene kadontho kalikonse kakuloledwa kufalikira, ndiye nawonso ausinthesinthe chimodzimodzi.

Kuti mudziwe kukula kumene kukukuyenerani, pali muyeso wosavuta umene Spencer Chainey ndi anzake anaufotokoza mu 2008 pogwiritsa ntchito milandu ya ku London. Mumapanga mapu ndi milandu ya miyezi yapita, kenako mumaona kuti mwa milandu yatsopano ndi ingati yagwera m'mabokosi amene munasankha. Ngati mabokosi okwana magawo 5 pa 100 a tawuni akola magawo 30 pa 100 a milandu yatsopano, mugawa 30 ndi 5, mupeza 6. Nambala ikakula ndiye kuti mapu akuloza bwino. Samalani chabe kuti muyesowu umakondera timabokosi tating'ono kwambiri, ndipo mutha kupeza nambala yokongola pa timabokosi 40 tomwazikana tawuni yonse, timene anthu anu sangathe kutiyendera usiku umodzi. Poyambira ine ndingasankhe mamita 200, chifukwa ndi mahekitala 4, malo amene anthu awiri angawazungulire wapansi mosavutika, komanso akugwirizana ndi mmene makaundula athu amalozera malo. Mukasankha, musasinthenso pakati pa chaka. Mukasintha ukonde ndiye kuti simudzadziwa ngati milandu yachepa kapena mzere ndi umene wasuntha. Ndipo poona ngati kulondera kwathandiza, muziwerenganso mabokosi oyandikana, kuopa kusangalala pamene akuba angowoloka mzere.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Mapu a timabokosi tating'ono asamatuluke pa WhatsApp kapena kukhomedwa pakhoma. Kumene nyumba zili patalipatali, hekitala imodzi ikhoza kukhala khomo limodzi, ndipo aliyense adzadziwa amene anadandaula. Milandu ya nkhanza za m'banja ndi yogwirira isaikidwe pa mapu oonetsa anthu ngakhale pang'ono. Pamsonkhano munene momveka kuti bokosi lofiira likusonyeza kumene anthu anabedwa, silikusonyeza kumene akuba amakhala. Tonse tikudziwa zimene gulu lokwiya limatha kuchita likalozeredwa khomo.

Za olondera, pitani kaye nokha pa malo amene apirira kuyesa konse kuja, pa ola limene milandu imachitika, pamodzi ndi apolisi a boma (PRM) ndi mlembi wa bairo. Muone ngati pali babu lakufa, mpanda wogumuka, njira yothawira kuseri kwa mabenchi, kapena malo oimika njinga amene mwini wake sangawaone ali m'sitolo. Zina mwa izi zimatha ndi babu limodzi kapena kusuntha poimika njinga. Kumene kukufunikadi anthu, Christopher Koper anapeza mu 1995, pa kulondera kwa apolisi a ku Minneapolis, kuti kuima pamalo mphindi 10 mpaka 15 n'kuchoka, kenako kubwereranso pa nthawi yosadziwika, kumasiya bata lotalikirapo kusiyana ndi kungodutsa, ndipo kukhalitsa kupitirira pamenepo sikuwonjezera phindu. Ndiye masana a tsiku la msika anthu anu azisinthana pakati pa msika ndi pokwerera shapa, ndipo za usiku mudikire mapu a kuthyola nyumba paokha, chifukwa amene muli nawo panopa sanayankhe funso limenelo.